ADANI A NKHUKU NDI A MBEWU ZATHU: PHUNZIRO KWA ACHIKUMBI A KU MACHINGA NDI BALAKA

Mchikumbi aliyense adziwa kulira kuja kwa thadzi pamene mthunzi wa kabawi wadutsa pabwalo. Anapiye amwazikana, amayi atuluka m'nyumba ndi mthiko m'manja nakuwa, koma powerenga apeza kuti mmodzi wapita. Mawa lake apitanso wina. Ikatha miyezi iwiri, thadzi limene linaswa anapiye 12 liyenda ndi atatu kapena anayi okha, ndipo mwini wake angoti, "Ndi mmene zikhalira nkhuku." Ife tikana mawu amenewa. Anapiye ambiri amene atayika chaka ndi chaka akadapulumuka ndi ntchito ya masiku awiri kapena atatu, yosalira ndalama zambiri. Chomwechonso chimanga, chinangwa ndi ndiwo za kudimba zimene zitha ndi anyani ndi nguluwe.

NKHUKU NDI CHUMA

Ena ayesa nkhuku ngati kanthu kachabe, koyenera akazi ndi ana. Koma taganizani bwino. Ndalama za fodya zibwera kamodzi pa chaka, mabelo akagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe. Ndalama za thonje ndi za nandolo nazonso zili ndi nyengo yake. Nkhuku yokha ndiyo igulika tsiku lililonse pa msika wa Ntaja, wa Ulongwe, wa Liwonde kapena wa Phalula. Mwana akadwala usiku, mlendo akafika mosayembekezeka, sopo kapena mchere ukatha, sitigwira ng'ombe ayi, tigwira nkhuku. M'chaka cha 2024, pamene ng'amba inapsereza chimanga ndipo Boma linalengeza za tsoka m'maboma 23, kuphatikizapo athu awiriwa, mabanja amene anali ndi nkhuku m'khola anali ndi poyambira kugula ufa. Choncho wotaya anapiye asanu ndi atatu pa kuswa kulikonse ataya ndalama zenizeni, ngakhale sanazigwire m'manja.

DZIKO LATHU NDI NYAMA ZAKE

Maboma athuwa, amene anali boma limodzi kufikira pamene Balaka anapatulidwa mu 1998, ali pakati pa madzi, mapiri ndi nkhalango. Mtsinje wa Shire utuluka m'nyanja ya Malombe nuyenda pakati pathu. Kum'mawa kuli madambo a Chilwa ndi Chiuta. Kuli mapiri a Chikala ndi ena ambiri a miyala ndi mapanga, kumene anyani ndi nungu zibisala. Ndipo pakati penipeni pali nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973.

Kale, m'masiku a Atsamunda, anyani kapena nguluwe zikavuta, Boma linkatumiza alenje a mfuti. Nyama zinkaphedwa zambiri, koma zinkabweranso, chifukwa mfuti siitseka njira. Lero zinthu zinasintha. Kuyambira mu 2015 bungwe la African Parks liyendetsa nkhalango ya Liwonde mogwirizana ndi nthambi ya Boma yoona za nyama zakutchire. Linamanga mpanda wa magetsi wotalika makilomita oposa 100. Njovu zimene zinachuluka mopitirira zinasamutsidwa: zina zinapita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 zinapita ku Kasungu mu 2022. Mikango inabwezedwa m'nkhalangomo mu 2018. Ntchito imeneyi yachepetsa mavuto a njovu m'midzi yambiri, ngakhale siinawathetse onse.

Komatu mpanda wa magetsi suletsa kabawi, suletsa likongwe, suletsa njoka. Adani ambiri a nkhuku sakhala m'nkhalango ya Boma konse: akhala m'chulu cha kuseri kwa nyumba yanu, m'tchire la pamanda ndi m'mulu wa njerwa umene munausiya chaka chatha. Amenewa palibe msilikali wa nkhalango amene adzakuchotsereni. Ndi ntchito yanu.

DZIWANI MDANI WANU

Sing'anga sapereka mankhwala asanadziwe nthenda. Nkhuku ikasowa, musafulumire kunena kuti ndi fisi kapena mfiti. Yang'anani pansi m'mawa anthu asanapondeponde, muone mapazi, nthenga ndi pamene mdani analowera.

1. Kabawi, ndi mbalame ija ya mchira wa mphanda imene ena aitcha mphamba, ena kamtema. Izi zigwira usana, makamaka anapiye aang'ono oyenda poyera. Ya mchira wa mphandayi ndi mlendo: ifika m'dziko muno nyengo yotentha ikamayandikira, nikhala mpaka m'dzinja. Ndiyo nthawi yomwe udzu wapsa ndipo anapiye alibe pobisala.

2. Khwangwala. Aba mazira ndi anapiye ongoswedwa kumene. Achuluka pafupi ndi misika ndi pamene anthu ataya zinyalala poyera.

3. Likongwe. Kanyama kowonda ka mchira wautali wakuda kunsonga. Kayenda usana, kabisala m'mphepete mwa mpanda kapena m'udzu, kaluma nkhuku pakhosi kapena pamutu, ndiponso kakonda mazira. Kalowa pa chiboo chimene inu muyesa chaching'ono.

4. Vumbwe, ndi anzake a usiku onga mwiri ndi fungwe. Vumbwe atenga nkhuku yathunthu nakadyera kutchire, ndipo mudzapeza nthenga zokha pansi pa chitsamba. Mwiri akwera mitengo ndi madenga, ndipo akalowa m'khola atha kupha nkhuku zambiri usiku umodzi nadya pang'ono pokha.

5. Chiuli, nkhandwe ndi fisi. Izi zili ndi mphamvu. Zikumba pansi pa khola kapena kuthyola mitengo yofumbwa. Khola likapezeka lophwasuka, wafika ndi mmodzi wa amenewa, kapena galu wa mnansi.

6. Njoka ndi ng'azi. Mazira akamasowa osasiya zikamba, kapena thadzi lofungatira likapezeka lakufa pachisa popanda bala looneka, ganizirani njoka. Nsato imeza nkhuku yathunthu. Ng'azi ichuluka m'mbali mwa Shire, Rivirivi ndi m'madambo, ndipo idya mazira ndi anapiye.

7. Makoswe ndi linthumbu. Khoswe akoka mwanapiye usiku pansi pa mapiko a make. Linthumbu lifika ndi mvula, ndipo litha kupha nkhuku zotsekeredwa zimene zilibe kothawira.

Koma mukapeza kuti khola lili bwinobwino, chitseko chatsekedwanso, nthenga palibe, ndipo asowa ndi tambala wonenepa yekha, dziwani kuti mdaniyo ayenda ndi miyendo iwiri. Nkhani yake ndi ya kwa mfumu, si ya phunziro lino.

KHOLA LABWINO

Nkhuku zambiri m'midzi yathu zigona m'mitengo, pansi pa nkhokwe, m'khitchini, kapena m'nyumba momwe mugona anthu. Yogona mumtengo ili m'manja mwa mwiri. Yogona pansi pa nkhokwe ili m'manja mwa njoka ndi makoswe amene abwera kufuna chimanga. Yogona ndi anthu ibweretsa utitiri ndi uve umene udwalitsa ana. Khola lam'mwamba ndilo lithetsa zonsezi, ndipo mlimi wa fodya amene adziwa kumanga chigafa sangalephere kulimanga. Tsatani izi:

Malo. Sankhani pafupi ndi nyumba yogona, pamene mungamve nkhuku zikalira usiku. Pakhale kutali ndi nthambi za mitengo, denga la nyumba kapena mpanda, kuti nyama isadumphirepo. Lambulani udzu ndi zitsamba kuzungulira khola mtunda wa mapazi khumi kapena kuposa, ndipo chotsani milu ya miyala, njerwa ndi nkhuni.

Mafoloko. Akhale anayi kapena asanu ndi limodzi, olimba, ndipo pansi pa khola patalike ndi nthaka mita imodzi kapena kuposerapo, ndiko kunena mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu. Gwiritsani mitengo imene munabzala nokha, monga bulugama, kesha kapena nimu, kapena yotsala ku chigafa. Wauleni kumunsi kwake pamoto musanazike kuti chiswe chisafulumire kuidya. Tidziwa kuti tsanya ndi wolimba koposa, koma musakadule m'nkhalango ya Boma: khola la nkhuku lisakugonetseni m'chitokosi.

Zitini pa mafoloko. Dulani chidutswa cha lata lakale kapena chitini chachikulu, muchipinde chikhale ngati chipewa, ndipo muchikhomere pa foloko lililonse chozondotsa, kukamwa kwake kuloze pansi. Khoswe kapena likongwe akakwera afika m'chipewamo nalephera kupitirira. Kanthu aka ndi kakang'ono, koma ndi kamene anthu ambiri aiwala.

Pansi ndi m'mbali. Yalani nsungwi kapena timitengo towongoka, motalikirana monga kunenepa kwa chala chimodzi, kuti zitosi zigwe pansi koma phazi la nkhuku lisakodwe. M'mbali lukani nsungwi zong'alula kapena bango mothinana, kuti mphepo ipite koma mutu wa likongwe usalowe. Lamulo lake ndi ili: pamene palowa zala ziwiri za munthu wamkulu pakula kale. Amene angathe, ndalama za fodya zikabwera agule waya wa maso ang'onoang'ono. Waya wa maso aakulu atsekereza nkhuku kuti zisatuluke, koma saletsa njoka kulowa.

Denga ndi chitseko. Folerani bwino ndi udzu, denga litulukire kunja kuti mvula isawombere m'kati, ndipo musasiye mpata pakati pa denga ndi khoma, pakuti mwiri alowera pomwepo. Chitseko chikhale chokwana bwino ndi chomangika. Makwerero akhale ochotseka: nkhuku zikalowa madzulo, chotsani makwerero ndi kuwagoneka pansi.

Kusamala. Sesani pansi pa khola sabata iliyonse. Zitosi zimenezi ndi manyowa amphamvu koposa a ng'ombe, ndipo zikawola bwino m'dzenje zithandiza kudimba. Wazani phulusa kuzungulira mafoloko, makamaka m'dzinja, kuti linthumbu lisakwere. M'zisa ikani udzu wouma watsopano pa kufungatira kulikonse, pamodzi ndi masamba pang'ono a fodya wouma wotsala posankha, chifukwa utitiri sukonda fungo lake. Udzu wakale muutenthe.

Koposa zonse, pakhale munthu mmodzi pabanja amene ntchito yake ndi kuwerenga nkhuku ndi kutseka khola dzuwa likalowa. Khola losatseka ndi nkhokwe ya vumbwe. Muziwaza madeya pang'ono pafupi ndi khola madzulo alionse, ndipo nkhuku zidzazolowera kubwera zokha.

MASABATA ASANU NDI LIMODZI OYAMBA

Thadzi lifungatira masiku 21. Nthawi yonseyi likhala chete pamalo amodzi, ndipo ngati laikira kutchire kapena pansi pa nkhokwe, mdani alipeza mosavuta. Likonzereni chisa m'khola, kapena m'dengu lakale loikidwa pamwamba m'chipinda chotsekeka.

Anapiye akaswedwa, ngozi yaikulu ili m'masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi oyamba. Thadzi lanjala liwatenga ulendo wautali m'mame ndi m'udzu, ofooka atsalira, ndipo kabawi awatola mmodzimmodzi. Mankhwala ake ndi chikwere. Lukani chachikulu cha nsungwi, chopanda pansi, chotambalala ngati mikono iwiri, chonga dengu lovundikira. Usana vundikirani thadzi ndi ana ake pamthunzi pafupi ndi pamene amayi agwira ntchito, ndipo musunthe chikwerecho tsiku lililonse chikhale pa nthaka yatsopano. Usiku alowe m'chipinda chotsekeka.

Koma nkhuku yotsekeredwa siitha kudzifunira chakudya, tsono muyenera kuipatsa. Madeya okha sakwana. Sakanizani ndi zinyenyeswa za usipa kapena matemba zotsalira pansi pa dengu, soya kapena nandolo wokazinga ndi kusinja, ndi masamba odula bwino. Chiswe ndicho chakudya chabwino koposa kwa anapiye, ndipo sichigulidwa. Ikani zitsononkho, udzu wouma ndi ndowe zouma mumphika wakale, wazani madzi, muuvundikire pamene pali chiswe, ndipo mawa lake mukakhuthulire anapiye. Madzi akhale oyera, m'mbale yosaya, muikemo timiyala kuti anapiye asamire.

Akayamba kuyenda okha, bwalo lisakhale loyera mbee popanda pothawira. Siyani nandolo, chinangwa kapena nthochi pafupi ndi nyumba, kapena imikani kathandala kakafupi kofolera ndi udzu. Tambala wamkulu mmodzi asasowe pakhomo, pakuti ndiye mlonda amene ayamba kuona kabawi nachenjeza. Amene aweta nkhuku zakuda za Mikolongwe akumbukire kuti izi ndi zolemera, sizithamanga kapena kuuluka monga zachikuda, ndipo zifuna chisamaliro choposa.

Tisachoke pa nkhuku tisanatchule mdani wosaoneka ndi maso. Chitopa chipha nkhuku zambiri koposa nyama zonse tatchulazi pamodzi. Katemera wake wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono, miyezi inayi iliyonse. Nkhuku yogona m'khola igwidwa mosavuta tsiku la katemera, pamene yogona mumtengo ithamangitsidwa mpaka wotemera atopa. Funsani Mlangizi wa ziweto.

MUNDA NDI DIMBA

Anyani ndi apusi. Awa abwera usana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, pa nthawi yobzala kudzafukula mbewu, ndiponso chimanga chikayamba kukhwima. Mpanda suwaletsa, ndipo zoopsezera za nsanza azizolowera m'masiku ochepa. Chimene aopa ndi munthu wamkulu wokhala ndi galu ndi legeni. Lambulani tchire pakati pa munda ndi phiri, pakhale poyera mayadi angapo, chifukwa nyani sakonda kudutsa pamene aoneka. Mangani chilindo chachitali pamalo oona mbali zonse. Kumalire kwa tchire bzalani mbewu zimene nyama sizikonda, monga tsabola kapena fodya, ndipo chimanga chikhale chakumudzi.

Pali cholakwa chimodzi chimene tichiona chaka chilichonse m'midzi ya m'mphepete mwa mapiri: kujombetsa ana kusukulu kuti akalinde anyani. Nyani wamphongo saopa mwana, ndipo atha kumuvulaza. Mwanayo ataya maphunziro a miyezi itatu chifukwa cha matumba awiri a chimanga. Eni minda yoyandikana apangane, azilinda mosinthana, lero uyu mawa uyo. Mutu umodzi susenza denga. Ndiponso bzalani nthawi imodzi. Munda umene ucha wokha pakati pa minda yosacha, kapena wotsalira anzawo atakolola, ulandira alendo onse.

Nguluwe ndi nungu. Izi ndi za usiku, ndipo zikonda chinangwa, mbatata, maungu ndi chimanga chachiwisi. Nguluwe zingapo zitha kuwononga gawo lalikulu la munda usiku umodzi. Pa dimba kumbani ngalande yakuya mpaka m'chiuno, makoma ake oongoka, dothi lake muliunjike kumbali ya m'kati, ndipo pa mtumbirawo bzalani khonje kapena nkhadze mothinana. Mpanda wamoyo utenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti utseke, koma sufuna kumanganso chaka ndi chaka monga wa mapesi, ndipo khonje likupatsani chingwe. Chenjerani ndi utomoni wa nkhadze, pakuti uwononga maso. Yenderani mpanda kawirikawiri ndi kutseka ndi miyala kapena minga paliponse pamene nungu yayamba kukumba.

Nazale ya fodya nayo itchingidwe ndi mpanda wa udzu kapena bango mbewu zisanafesedwe. Kawirikawiri ikhala pafupi ndi madzi, pamene nyama zipita kukamwa, ndipo mdani wake woyamba ndi mbuzi ndi nkhuku zathu zomwe.

Mvuu. A m'mbali mwa Shire ndi Malombe aidziwa. Ituluka usiku ndipo itsata njira yake yomweyo. Ndi yolemera, ya miyendo yaifupi, siidumpha, tsono ngalande yakuya kapena mpanda wolimba wa mitengo yonenepa uibweza. Musalime mpaka m'mphepete penipeni mwa madzi: siyani udzu ndi bango kuti mvuu ipeze msipu, ndiponso kuti gombe lisagumuke. Ndipo musaime konse pakati pa mvuu ndi madzi, chifukwa ikadzidzimuka ithamangira kumadzi ndipo siipatuka.

Njovu. Kwa Kalembo, kwa Amidu, kwa Sitola, kwa Nsanama ndi m'midzi ina yoyandikana ndi nkhalango, mlonda woyamba ndi mpanda wa magetsi. Munthu amene adula waya wa mpandawo kuti akatchere misampha atsegula khomo la njovu kulowa m'munda wa mnzake. Wotere musamubise. Mukaona pamene mpanda waduka kapena mtengo wagwera, uzani mfumu ndi antchito a nkhalango tsiku lomwelo.

Njovu idana ndi tsabola. Sinjani tsabola wouma wowawa kwambiri, musakanize ndi oyilo wakale wa galimoto, ndipo mupake pa zingwe ndi tinsanza tomangidwa kuzungulira munda, kumbali imene njovu zichokera. Pakaninso masabata awiri kapena atatu alionse, ndiponso mvula yamphamvu ikagwa. Njira ina ndi kuumba njerwa za ndowe zosakaniza ndi tsabola, kuziumitsa, ndi kuziyatsa madzulo kuti zifuke utsi. Yang'anani kumene mphepo ipita, utsi ulunjike kwa njovu osati kunyumba kwanu, ndipo posinja tetezani maso ndi manja. Alimi ambiri ozungulira nkhalango ya Liwonde alima tsabola tsopano, ndipo ndi mbewu imene iteteza munda ndi kubweretsanso ndalama. Ku Kenya, Dr Lucy King anaonetsa kuti njovu ziopanso njuchi, ndi kuti ming'oma yopachikidwa molumikizana ndi waya kuzungulira munda ibweza njovu zambiri, pamene mwini munda afulako uchi.

Njovu zikalowa m'munda usiku, imbani ng'oma ndi zitini, yatsani miuni, itanani anzanu, koma muli patali ndi pamalo oti mutha kuthawa. Musaiyandikire ya mwana. Woledzera asapite nawo. Chimanga chibzalidwanso chaka chamawa, munthu sabzalidwanso.

ZIMENE SITIYENERA KUCHITA

Poizoni. Alimi a fodya ndi thonje asunga mankhwala oopsa m'nyumba, ndipo ena akapsa mtima athira temiki kapena mankhwala a thonje m'nyama yakufa kapena m'dzira kuti aphe vumbwe. Nyambo yotere siisankha. Idya galu wanu, idya nkhuku ya mnansi, itola mwana wokwawa. Nyama yakufa ndi poizoni ikadyedwa ndi miimba, miimbayo ifa yambiri nthawi imodzi. Mankhwala a mbewu ndi a mbewu basi, ndipo akhale pamalo okhoma.

Misampha ya waya ndi mbuna. Msampha wotchera nguluwe ugwira mbuzi, galu, ngakhale mwendo wa munthu wopita kumadzi. M'nkhalango ya Liwonde antchito achotsamo misampha zikwi makumi angapo chiyambire 2015, ndipo njovu yovulala ndi waya ndiyo ikhala yolusa koposa. Lamulo la nyama zakutchire la 1992, monga linakonzedwanso mu 2017, lilanga kolimba: wopha nyama zotetezedwa koposa, monga njovu, chipembere kapena ngaka, kapena wopezeka ndi ziwalo zake, atha kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Nyama yaikulu ikavuta, oyenera kuithamangitsa kapena kuiwombera ndi antchito a Boma, osati inu.

Kupha chilichonse chokwawa kapena chouluka. Taganizani za mbewa ndi makoswe amene adya chimanga m'munda ndi m'nkhokwe. Adya amenewa ndani? Ndi vumbwe yemweyo, likongwe, njoka, kabawi ndi kadzidzi. Kadzidzi, amene ambiri amuponya miyala poti ndi wa malodza, agwira mbewa usiku uliwonse osalipidwa. Nsato idya ntchenzi zimene zidula chimanga ndi mpunga. Mudzi umene utha nyama zimenezi ugwa m'manja mwa makoswe. Tsono nzeru ndi iyi: mutsekereni mdaniyo kunja kwa khola, akagwire ntchito yake kumunda.

MUNTHU AKALUMIDWA

Nkhandwe, fisi kapena galu amene afika pamudzi usana wosaopa anthu, kapena wotuluka dovu, atha kukhala ndi chiwewe. Wolumidwa atsuke balalo msanga ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite tsiku lomwelo ku chipatala, monga chachikulu cha Machinga pa Liwonde kapena cha Balaka. Asadikire kuti aone ngati adwala, chifukwa chiwewe chikaonekera sichichizika. Agalu olondera alandire katemera wa chiwewe chaka chilichonse. Musapise dzanja m'chisa mumdima musanaunike. Njoka ikakulavulirani m'maso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, osatikita. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe mphini kapena kumangidwa chingwe chothina: akhale chete, anyamulidwe kupita kuchipatala.

NTCHITO ZA PA CHAKA

May mpaka July: Mwakolola, udzu ndi nsungwi zilipo, ndalama za fodya zafika. Mangani kapena konzani khola, lukani zikwere, gulani waya, mangani mpanda wa dimba.

August mpaka October: Mphamba wafika ndipo tchire lapsa. Anapiye akhale m'chikwere. Tchingani nazale ya fodya. Chitopa chikonda nyengo yotentha, tsono nkhuku zikhale zitalandira kale katemera.

November mpaka January: Bzalani pamodzi ndi anansi. Bzalani khonje ndi nkhadze pa malire mvula ikakhazikika. Lambulani kuzungulira khola ndi kuwaza phulusa, pakuti njoka ndi linthumbu zayamba kuyenda.

February mpaka April: Chimanga chakhwima. Zilindo zikhale zokonzeka, ndandanda wa olinda ukhale wodziwika, zingwe za tsabola zipakidwe. Kololani pa nthawi yake ndipo musasiye mikukwe m'munda nthawi yaitali.

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Musadikire kuti vumbwe ayambe wakuphunzitsani. Tipempha mafumu kuti aitanitse msonkhano mwezi uno, anthu awerengerane phunziroli, ndipo asankhe khomo limodzi pamene Mlangizi adzamange khola lachitsanzo pamaso pa onse. Pakhomo panu yambani lero kuwerenga: lembani anapiye amene aswedwa, ndipo ikatha miyezi iwiri muwerengenso otsala. Mukamanga khola ndi kuluka chikwere, muwerengenso chimodzimodzi pa kuswa kotsatira, ndipo mawerengero awiriwo mukaonetse Mlangizi wanu ndi anansi anu.